Tchuthi cha Mzime

9 Febuluwale

Mwana wanga,

Moni. Ine kuno ndili bwino, mchemwali wako nayenso ali bwino ndi saluni yake yaphokoso ija. Kaya iwe kumeneko? Chichokere kuno sunalembe, ndiye ndati ndiyambe ndine.

Mchemwali wako akuti unachoka utakwiya chifukwa cha mawu amene ndinanena pamaso pa makasitomala. Ine sindikuona chimene ndinalakwa. Unabwera kuti uli pa tchuthi. Tchuthi chakecho kunali kugona mpaka dzuwa kukupeza m'chipinda, kenako kukhala pakhonde miyendo ili pampando, ine ndikudula magalasi ndekha pafupi pomwepo. Amayi obwera ndi felemu aja anafunsa ngati ukudwala, ine ndinangoyankha zoona, kuti ayi, ndi ana a masiku ano, amatopa asanagwire. Kodi pamenepo ndinanama?

Ntchito ya ukalaliki ku kampani ya maloleyi ndi yachitatu. Yoyamba unasiya ati bwana amakalipa. Yachiwiri ati amakugwiritsani Loweruka. Amene anandiphunzitsa ine kudula galasi ankakalipa mpaka malovu kugwera pa tebulo, koma lero ndikudya chifukwa cha iye. Shopu ino chitsegulireni sindinaitsekepo tsiku la ntchito, kaya mvula, kaya chimfine. Munthu amene zenera lake lasweka sangagone pamphepo podikira kuti wodula magalasi apume kaye.

Undilembere za ntchitoyo, ngati ukadalipo.

Ndine bambo ako.


24 Febuluwale

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi.

Kalata ya bambo yafika. Ndaiwerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi ndikufunafuna pamene pali mawu oti pepa, sindinapapeze. Inu mukudziwa kuti sindine mlesi. Kuno ndimafika geti asanatsegule, mapepala a malole sagona pa tebulo langa. Koma ndikaweruka ndaweruka. Tchuthi si kuba ayi, chili m'malamulo a ntchito, ndipo ine ndinachitenga kuti ndidzakhale ndi iwowo. Ndinkati mwina tsiku lina atseka msanga, tikhala pakhonde ngati anthu, andiuza za amayi, za mmene anakumanirana, zinthu zimene sindinazimvepo. M'malo mwake anandipatsa tsache, kenako n'kundisandutsa choseketsa makasitomala.

Mukukumbuka tsiku limene amayi anawagoneka m'chipatala? Bambo anatiperekeza mpaka pageti, n'kubwerera kukatsegula shopu chifukwa munthu wina ankadikira galasi la kabati. Galasi la kabati, achemwali. Ine ndinalumbira kuti sindidzakhala munthu wotere, ndiye lero akunditcha mlesi chifukwa ndikufuna kukhala ndi moyo kunja kwa ntchito.

Chabwino. Akufuna mwana wosapuma, amupeza. Tchuthi sinditenganso, ndipo kumeneko sindipondako mpaka tsiku limene adzanene ndi pakamwa pawo kuti mwana wawo amagwira ntchito. Zimenezi musawauze, aziona okha.

Mundilembere za kumeneko, inu nokha ndi amene mumandiuza zoona.

Mlongo wanu.


10 Malichi

Mzime iwe,

Moni wako ndalandira. Ifenso tili bwino, kungoti magetsi akuvuta, ndiye azimayi akumachoka mu saluni tsitsi lili lonyowa, akundinena njira yonse.

Koma inu awiri mwandikwana. Liuma lanu ndi limodzimodzi, mwangosiyana imvi basi. Ukuti subwera mpaka akuyamikire. Unawamvapo liti bambo akuyamikira munthu? Ine ndinatsegula saluni ndi manja angawa. Tsiku loyamba analowa, kuyang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti galasi lapakhoma lapendekeka, basi n'kutuluka. Mawa lake ndinapeza ataliwongola okha ine ndisanafike. Kuyamikira kwawo n'komweko, ukadikira kwina udzakalamba.

Za tsiku la chipatala usamazinene ngati ukuzidziwa zonse. Unali mwana. Galasi la kabati lija ndi limene linagula mankhwala a amayi sabata imeneyo. Ine nditabwerera kudzatenga bulangeti, ndinawapeza kuseri kwa shopu atagwira khoma, akulira. Atandiona anati fumbi la galasi lawalowa m'maso, ndipite msanga amayi akuzizidwa. Sindikuti anachita bwino kutisiya pageti, koma usamawanene ngati mwala.

Masiku ano ndikabwera kuchokera ku positi amafunsa ngati kuli kanthu, ati akudikira kalata ya ogulitsa magalasi. Ogulitsa magalasi analembapo liti kalata? Alembere, iwe, sikuti dzanja lidzathothoka. Komanso aonda pang'ono. Lamba aboola bowo lina, ati malamba a masiku ano amatanuka ngati anthu ake.

Ukapeza wobwera kuno unditumizire mafuta a tsitsi aja, kumeneko ndi otsika mtengo.

Ndine mchemwali wako.


18 Meyi

Bambo,

Ndikupereka moni, ndikhulupirira muli bwino ndipo shopu ikuyenda. Munafunsa ngati ndikadali pa ntchito. Ndikadalipo, ndipo mwezi uno andikweza. Tsopano ndine kapitawo wa makalaliki ndi onse a pabwalo la malole.

Chilandirire kalata yanu sindinapumepo. Loweruka ndimagwira, Lamlungu masana ndimapita kukaona malole obwera. Abwana anaona okha, sindinachite kupempha.

Nditangokhala pampandowu ndinaona zimene inu mumanena. Anyamata ake ndi amsinkhu wanga, koma ntchito amaigwira ndi nsonga za zala. Foni ya mu ofesi inkangokhalira kulira, uyu mkazi wake, uyu mnzake, madalaivala ali ndwii panja kudikira mapepala. Kalata ikafika munthu ankakaiwerengera kuseri kwa lole, pobwerako nkhope yagwa, akupempha masiku ati kwawo kuli zakutizakuti. Ndiye ndaika malamulo awiri. Nthawi ya ntchito palibe woitanidwa pa foni, ngakhale kusiyiridwa uthenga. Makalata a anthu onse amasungidwa kwa mlonda, amaperekedwa tsiku lolandira malipiro. Kuti asanene kuti ndikukondera, anga omwe amadikira m'bokosi lomwelo. Akundida, amandijeda, andipatsa dzina loti Chitsulo, koma malole akutuluka pa nthawi yake.

Ndangoti mudziwe.

Mwana wanu.


6 Juni

Mwana wanga,

Moni. Kalata yako ndaiwerenga. Ukapitawo ndi udindo, uugwire.

Kuno ndapeza oda ya magalasi akuluakulu a sitolo yatsopano ya pamsewu waukulu. Galasi lalikulu salinyamula munthu mmodzi. Pamafunika wina wogwira mbali inayo, amene ukumudziwa mayendedwe ake, chifukwa wina akafulumira phazi limodzi lokha galasi lapita. Iwe unkagwira bwino uli wamng'ono, sunkathamanga. Ngati kumeneko angakupatse sabata imodzi, ubwere udzandigwirire. Chipinda chako n'chosesa.

Usadabwe ndi zilembo, pensulo ikuvuta.

Bambo ako.


1 Julayi

Bambo,

Moni, ine ndili bwino. Kalata yanu ndaiona dzulo pamodzi ndi anzanga onse, monga mwa lamulo.

Kunena zoona yandipweteka. Ndinabwera ndekha, osaitanidwa, munati ndine mlesi. Lero ndikugwira ntchito mmene inu mumafunira, mukuti ndiisiye ndidzanyamule magalasi. Ndiye kuti kwa inu ntchito yanga si ntchito mpaka pano. Ya pampando mukhoza kuiimitsa sabata yathunthu, yeniyeni ndi yanu yokha. Ngakhale zilembo zanu zikuonetsa kuti munalemba mothamanga, kungoti mwana uja abwere adzathandize.

Sabata yatha kalaliki wina anandipempha masiku, ati mayi ake akudwala. Ndinamukaniza, chifukwa ino ndi nyengo ya katundu wambiri. Ndiye ine ndikaime bwanji pamaso pa abwana kupempha sabata yokanyamula magalasi? Anyamatawo adzandiseka mpaka kugwa.

Akalipentala oyandikana nanu akhoza kukugwirirani mbali inayo, kapena lembani waganyu, ine ndidzalipira. Munandiphunzitsa nokha kuti munthu sasiya ntchito yake, ndipo ndikungotsatira.

Mwana wanu.


9 Julayi

Mwana wanga,

Moni. Wayankha ngati munthu wa ntchito. Usabwere. Magalasi tiona chochita.

Bambo ako.


4 Ogasiti

Mzime,

Moni sindikupatsa wautali, ndakwiya. Lero ndikuchapa ndapeza kalata yako ya Julayi m'thumba la jekete la bambo, yofewa ngati nsanza chifukwa choipindapinda. Ndaiwerenga, undikhululukire. Iwe mutu wako uli bwinobwino?

Bambo akudwala. Ali ndi chotupa m'mimba, ndipo adokotala anawauza kale chaka chikungoyamba kuti palibe chochita koma kuchepetsa ululu. Kalata yokukalipira ija analemba akudziwa. Ine ndinadziwa mu Epulo nditawapeza atagwa pakati pa mafelemu, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisakuuze, ati mwana wangoyamba kumene kugwira ntchito ngati munthu, tisamuchotse panjira. Ndinamvera, chitsiru ine. Lumbirolo ndaliswa lero, andikwiyire.

Oda ya sitolo ija inalipodi, koma anaipereka kwa ena asanakulembere n'komwe. Dzanja lawo silingathenso kukoka chodulira mzere wowongoka. Tsiku lina anayesa galasi laling'ono la chithunzi, linawathyokera m'manja n'kuwacheka. Ankafuna iwe, osati manja ako. Bambo ako sadziwa kuitana munthu popanda kumupatsa ntchito, iwe wakula nawo osadziwa zimenezi? Unkadikira alembe kuti ndakusowa? Pensulo ikanathyoka. Chipinda chako anasesa okha, akupumira panjira, ndipo tsiku lililonse basi ikaima pakona ankapeza chifukwa chotulukira kukataya zinyalala.

Shopu akutsegulabe. Ndimawagwira mkono kuwaolotsa bwalo, amakhala pampando pakhomo, makasitomala akabwera amawauza kuti abwerenso mawa. Aliyense amamuuza kuti mwana wawo ndi kapitawo, sapuma ngakhale Lamlungu. Amanena akumwetulira, ine mtima ukundiwawa.

Siya zonse ubwere. Usayankhe kalatayi, ubwere iweyo.

Mchemwali wako.


17 Ogasiti

Mzime,

Uli moyo kodi? Ndakhala ndikudikira basi iliyonse, zii.

Dzana ndinawasiya bambo ndi akazi a akalipentala, n'kuthamangira ku positi kukaimba foni ku ofesi kwanu. Anayankha mnyamata waulemu wake. Ndinati ndikufuna kapitawo, ndine mchemwali wake, bambo ake akudwala kwambiri. Anati nthawi ya ntchito saitana munthu, uthenga salandira, ndipo lamulolo analiika ndi akapitawo omwewo, iye safuna kuchotsedwa ntchito. Ndinamuchonderera mpaka anthu a pamzere anayamba kundiyang'ana. Anati pepani mayi, n'kudula. Ukaweruka ofesi imakhala yotseka, ndiye ndikupeze kuti?

Bambo sakudzukanso. Akumwa madzi okha, pang'onopang'ono ndi supuni. Sindingawasiye kuti ndikutsate, palibe wina amene amalola kuti awatembenuze. Za iwe sakufunsa, koma chitseko chikalira amatembenuza mutu.

Ngati ukadakwiyabe, udzakwiyire kuno.

Mchemwali wako.


5 Sepitembala

Achemwali,

Ndafika bwino. Ndikuti bwino chifukwa ndi mmene timalembera.

Kumaliro sindinathe kulankhula nanu. Munkandiyang'ana, ine maso pansi, anthu akundigwira dzanja n'kumati bambo ako ankakunyadira. Aliyense wonena mawu amenewo ankakhala ngati akundiponda pachilonda. Akalipentala amene munawatuma atafika pageti la kampani tsiku lija, mlonda anawaimika panja mpaka nthawi yoweruka. Ndinawapeza atakhala pamwala, chipewa chili m'manja. Sanandikalipire, anangoti tiyeni mwanangu, tinakwera basi.

Nditabwerera kuno linali tsiku la malipiro. Mlonda anatsegula bokosi, n'kuyamba kuitana mayina monga ndinamuuzira. Anandipatsa makalata anu awiri. Masiku onsewo anali pageti, ine ndikudutsa pomwepo m'mawa ndi madzulo, ndikumufunsa mlondayo ngati bokosi ndi lokhoma. Ndinawawerengera kuseri kwa lole, pamalo pomwe ndinkathamangitsapo anzanga. Ndinakhala pansi pafumbi.

Amene anayankha foni yanu ndi kalaliki uja ndinamukaniza masiku. Mayi ake anamwalira mu Julayi iye ali pa tebulo lake. Anabwera yekha kudzandiuza kuti anali iyeyo, ati anangotsatira lamulo. Kaya anaopa, kaya anabwezera, sindinamufunse. Ndinalibe pakamwa pomufunsira. Malamulo aja ndachotsa, koma palibe amene wandithokoza, ndipo akulondola.

Kalata yomaliza ya bambo, yoti ndayankha ngati munthu wa ntchito, ine ndinaitenga ngati chipongwe. Ndinaiponya m'kabati ndikupsa mtima, n'kumati tiona amene ayambe kugonja. Ndinkalimbana ndi munthu amene sankatha kunyamula supuni.

Achemwali, pali chinthu chimodzi chimene ndinalephera kukufunsani maso ndi maso. Inu simunandinamizepo, musayambe lero. Kumapetoko anandifunsa? Ananenapo chilichonse cha ine? Chakudya sichikulowa, ntchito ndikungoiyang'ana. Chilichonse chimene ananena mundiuze, ngakhale chikhale chowawa.

Mlongo wanu.


14 Sepitembala

Mzime, mlongo wanga,

Moni. Ine ndilipo, saluni ndatsegula dzulo, koma manja akungoluka okha, mutu uli kwina.

Kalata yako ndakhala nayo masiku angapo osayankha. Ndinkafuna kukunamiza. Ndinakonza ndi mawu omwe, okoma, oti anakutchula n'kukudalitsa, kuti upeze tulo. Koma wandipempha zoona, ndipo mabodza ofuna kutetezana ndi amene atifikitsa pano.

Ukali ndinali nawo, usaganize kuti ndinalibe. Kumaliro ndinkafuna kukugwira malaya pamaso pa anthu. Koma nditakuona mmene waondera, mmene ukuimira manja kumbuyo ngati iwowo, ukali unathera m'mimba. Mlandu tili nawo tonse atatu. Iwo anabisa, ine ndinamvera, iwe unatseka geti.

Dzina lako sanalitchule. M'mawa wa tsiku lomalizalo anatsegula maso, mutu uli bwinobwino, n'kundifunsa kuti lero ndi lachingati. Ndinati Lachiwiri. Anayang'ana kuchitseko nthawi yaitali. Ine ndinawauza kuti basi zakwana, ndikutuma akalipentala akwere basi akakutenge lero lomwe, zivute zitani. Anandigwira dzanja, mphamvu zake ngati za khanda.

Anati, "Lachiwiri ali pa ntchito. Musamusokoneze."

Akalipentala ndinawatumabe. Bambo anatisiya masana, basi isanafike n'komwe kumeneko.

Mawu amenewo ndawatembenuza uku ndi uku. Ukandifunsa ngati ananena monyadira kapena modandaula, sindikudziwa, Mzime. Pakamwa pankamwetulira, misozi ikutsikira m'makutu, ndipo maso sanawachotse kuchitseko. Ndi zokhazo zimene ndili nazo, ndakupatsa zonse.

Ine ndatsala ndekha m'nyumba muno, ndipo kubisa ngati iwo sindidziwa. Ndakusowa. Bwera.

Mchemwali wako.